Akuba alowa m'makompyuta a kachipatala kamene ndimapitako: kodi nditani?

Nasuluma_Joni
Ndakulonjerani nonse abale anga. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Lachiwiri. Ndimakhala ku Johannesburg, ndipo kwa zaka zisanu ndakhala ndikupita kwa dokotala mmodzi amene ali ndi kachipatala kake pafupi ndi kuntchito kwanga. Lachiwiri masana ndinalandira imelo yochokera kwa iwo yonena kuti anthu osadziwika analowa m'makompyuta awo, ndipo mwina anatenga mayina a odwala, manambala a ziphaso, manambala a foni ndi zimene dokotala amalemba. Kalatayo ndi ya ndime zitatu zokha. Ikupepesa kawiri, kenako ikuti tikhale tcheru, koma sikunena tsiku limene akubawo analowa kapena ngati fayilo yanga ili m'gulu la zobedwazo. Nditaimba foni, mtsikana wolandira alendo anangoti akuluakulu akufufuza. Zachiphaso sizikundidetsa nkhawa kwambiri. Chikundiwawa nchakuti m'chipinda cha dokotala muja ndinaulula zinthu zimene amuna anga ngakhale mayi anga ondibereka sadziwa, ndipo ndinkaona ndi maso anga iye akuzilemba pa kompyuta. Kodi pali chimene munthu ngati ine angachite?

Chimbalanga82
Pepani mayi, koma musadzivutitse ndi maganizo. Mbava za pa intaneti zimafuna mabanki ndi anthu a ndalama. Kodi matenda a munthu wamba ngati inu ndi ine angawapindulire chiyani?

Mphunzitsi_Wopuma
A Chimbalanga, ndikudziwa kuti mukufuna kuwalimbitsa mtima mayiwa, koma zimene mwanenazi zinatsutsidwa kale ndi zimene zinachitika ku Finland. Kumeneko kunali kampani yotchedwa Vastaamo, imene inali ndi zipatala zopereka uphungu kwa anthu ovutika maganizo. Mu Okutobala 2020 zinadziwika kuti munthu wina anaba zolemba za odwala pafupifupi 33,000, kuphatikizapo zimene akatswiri ankalemba pamene wodwala akufotokoza zakukhosi kwake: za m'banja, za kugwiriridwa, za chigololo, za maganizo ofuna kudzipha. Wakubayo anayamba walamula kampani kuti imupatse ndalama za pa intaneti zotchedwa ma bitcoin zokwana 40, zomwe panthawiyo zinali pafupifupi mayuro 450,000. Kampani itapanda kulipira, anayamba kutulutsa mafayilo 100 patsiku pa intaneti. Kenako anatembenukira kwa odwala eni ake, n'kulembera mmodzimmodzi kuti apereke mayuro 200, ndipo akadutsa maola 24 ndalamayo ikwera kufika pa 500. Amene analandira makalata amenewo anali anthu wamba, ophunzira, amayi apanyumba, anthu amene anapita kukafuna thandizo ali pamavuto aakulu. Wakuba safuna kuti mukhale olemera, amangofuna kuti mukhale ndi chinsinsi chimene mungachite chilichonse kuti chisamveke. Loya wina woimira ena mwa anthuwo anadzanena kuti ena anadzipha nkhaniyi itabuka.

Chimbalanga82
Zimenezo sindinkazidziwa. Nanga wakubayo anagwidwa?

Mphunzitsi_Wopuma
Anagwidwa ku France mu Febuluwale 2023. Dzina lake ndi Aleksanteri Kivimäki, ndipo mu Epulo 2024 khoti la ku Finland linamugamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi itatu. Kampani ija inagwa mu Febuluwale 2021, ndipo ofesi yoteteza zinsinsi za anthu m'dzikolo inailipitsa chindapusa cha mayuro 608,000. Komabe mafayilo anali atafalikira kale, ndipo palibe chigamulo cha khoti chimene chinawabweza. Madzi akatayika saoleka.

Nasuluma_Joni
Aphunzitsi, mwandionjezera mantha, koma ndi bwino ndidziwe zoona kusiyana ndi kundinamiza.

Kalaliki_wa_Malamulo
Mayi Nasuluma, mantha okha sangakuthandizeni, choncho ndiloleni ndikuuzeni zimene lamulo la dziko limene mukukhalalo limakupatsani. Ku South Africa kuli lamulo lotchedwa POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, ndipo nkhani za umoyo wa munthu limaziika m'gulu la zinthu zofuna chitetezo chapadera. Gawo 22 la lamuloli limati zinsinsi zikabedwa, amene ankazisunga ayenera kudziwitsa ofesi ya boma yoteteza zinsinsi za anthu, ya Information Regulator, komanso inu mwini mwamsanga. Kalata imene akulemberani iyenera kufotokoza mavuto amene angakugwereni, zimene iwo achita kapena akufuna kuchita, zimene inu mungachite kuti mudziteteze, ndiponso amene anaba ngati akumudziwa. Kungonena kuti khalani tcheru sikukwanira. Gawo 23 limakupatsani ufulu wofunsa kuti akuuzeni zonse zokhudza inu zimene akusunga komanso anthu ena amene anaziona. Musaimbenso foni, chifukwa mawu a pa foni sasiya umboni. Lembani kalata kwa mwini chipatalayo, ikani tsiku, sungani kope yake, ndipo mufunse mafunso omveka: analowa liti, inu munadziwa liti, fayilo yanga yakhudzidwa kapena ayi, munali zotani m'menemo, ndipo kodi Information Regulator mwaidziwitsa. Akapanda kuyankha kapena akayankha mozemba, mungathe kukadandaula nokha ku ofesi imeneyo, komanso ku HPCSA, bungwe limene limayang'anira madokotala.

Mjoni_wa_ku_Mangochi
Koma achimwene, ambirife kuno mapepala athu ndi osalongosoka. Kodi munthu wotere angakadandaule kuboma osadziputira mavuto ena?

Kalaliki_wa_Malamulo
Lamulo la POPIA limakamba za munthu amene zinsinsizo zikumukhudza, silinena kuti akhale nzika. Mantha anuwo ndikuwamvetsa, ndipo sindingakakamize munthu kupita ku ofesi imene akuiopa. Koma kalata yopita kwa dokotala aliyense angailembe, chifukwa dokotalayo amakudziwani kale.

Namwino_wa_ku_Leeds
Ine ndimagwira ntchito ya unamwino ku Britain, ndipo ndikufuna abale adziwe kuti nthawi zambiri zinsinsi sizituluka chifukwa cha mbava zanzeru, zimatuluka ndi dzanja la ife achipatala. Mu Sepitembala 2015, chipatala cha 56 Dean Street ku London, chimene chimathandiza anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ka HIV, chinatumiza kalata ya nkhani kwa anthu pafupifupi 780. Wotumizayo anaika maadiresi onse poonekera m'malo mowabisa, motero aliyense wolandira anaona mayina a anzake onse. Panalibe wakuba, panalibe dipo, kunali kulakwitsa kwa mphindi imodzi basi. Chaka chotsatira bungwe loyendetsa chipatalacho linalipitsidwa mapaundi 180,000. Taganizirani munthu akutsegula imelo m'mawa n'kuona dzina la mnzake wa kuntchito pa mndandanda umenewo, podziwanso kuti mnzakeyo akuona dzina lake. Kuno lamulo limati zoterezi zikachitika ofesi ya boma idziwitsidwe pasanathe maola 72, ndipo kompyuta ya kuchipatala imasunga dzina la wantchito aliyense amene watsegula fayilo ya wodwala ndi nthawi imene watsegulira. Ndinaonapo mnzanga akuitanidwa ndi akuluakulu kuti afotokoze chifukwa chimene anatsegulira fayilo ya munthu amene sanali m'wodi yake. Anali mlamu wake, ndipo ntchito inathera pomwepo.

Gogo_Nambewe
Ana inu, zonsezi zabwera ndi makompyuta. Kale tinkalemba m'mabuku, kutsekera m'kabati, kiyi n'kukhala m'thumba la sisitala. Palibe munthu wa kutsidya kwa nyanja amene akanatha kuba buku ali kwawo.

Nyakwawa_Dedza
Agogo, ndikupemphani mundikhululukire, koma mapepala nawonso amatiyalutsa. Chaka chatha ndinagula zitumbuwa pamsika wina, ndipo mayi wogulitsayo anandikulungira m'pepala limene linali ndi mizere yolembedwa pamanja. Nditafika kunyumba n'kulitambasula, ndinapeza kuti linali tsamba la kaundula wa kuchipatala: dzina, mudzi, zaka, ndi zotsatira za kuyezetsa magazi, anthu oposa khumi patsamba limodzi, mafuta a zitumbuwa atayenderera pa mayina awo. Midzi iwiri mwa imene inalembedwa pamenepo ndimaidziwa bwino. Ndinaliotcha pepalalo, koma mayi uja anali ndi mulu wonse pansi pa lichero. Ndiye pali buku la kuchipatala limene aliyense wa ife amayenda nalo. Limakhala pa shelefu kapena pansi pa pilo, ndipo apongozi akabwera kudzazonda wodwala, ena amalitsegula ngati nyuzipepala.

Gogo_Nambewe
Zimenezo ndi zoona mwana wanga, ndipo zandimvetsa chisoni. Ndinagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri, ndipo tinkaphunzitsidwa kuti zimene waona m'chipinda chochirira zimathera momwemo. Koma ndikuvomera kuti makalaliki ena ankaitana mayina mofuula pamzere, n'kuuza munthu pagulu khomo loti alowe, pamene aliyense akudziwa kuti khomo limenelo ndi la olandira ma ARV. Ndinadziwa amayi amene ankakwera basi kupita ku chipatala cha boma lina kuti asaonedwe ndi anthu a m'mudzi mwawo, ndipo ndalama ya basi ikasowa, mankhwala ankadukiza.

Katswiri_wa_Makompyuta
Agogo akhudza pamene pagona nkhani. Kusiyana kwa pepala ndi kompyuta ndi kuchuluka chabe: pepala limayalutsa anthu khumi pamsika umodzi, pamene kompyuta yosasamalidwa imayalutsa anthu masauzande usiku umodzi. Koma kubwerera ku mapepala sikungatheke, ndipo sikungathandize odwala. Ku Malawi komweko, makompyuta amene bungwe la Baobab Health linayamba kuika m'zipatala, kuyambira ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, anathandiza kutsatira bwino anthu olandira ma ARV, ndipo ku Zambia kuli SmartCare. Vuto ndi kasamalidwe. Ndimakonza makompyuta m'timaofesi ting'onoting'ono, kuphatikizapo tizipatala ta anthu oima paokha, ndipo zimene ndimapeza zimafanana kulikonse. Pasiwedi imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi dokotala, namwino, kalaliki ndi mwana wa dokotala akabwera kutchuthi, ndipo yalembedwa pa kapepala komatidwa pa kompyuta pomwepo. Wantchito anachoka zaka ziwiri zapitazo koma akaunti yake ikadali yotsegula. Kompyuta imene ili ndi mafayilo a odwala ndi yomweyo imene masana amaonerapo mafilimu ndi kutsegulirapo maimelo achilendo. Kope yosungira imakhala pa flash imene ili yolumikizidwa ku kompyuta yomweyo usana ndi usiku, kotero wakuba akatseka mafayilo amatsekera pamodzi ndi kopeyo. Ku Vastaamo kuja, ofufuza anapeza kuti nkhokwe ya mafayilo inali yofikirika kuchokera pa intaneti popanda chitetezo chokwanira, ndipo zolembazo zinalibe encryption, kutanthauza kuti wozitenga ankaziwerenga monga mmene mukuwerengera uthenga uno. Akuba analowa koyamba mu Novembala 2018, kenako mu Malichi 2019, koma odwala anadzamva mu 2020. Zoteteza zambiri sizifuna ndalama zochuluka: aliyense akhale ndi akaunti yake, polowa pakhale sitepe yachiwiri ya nambala yobwera pa foni, kalaliki aone dzina ndi tsiku lobwera koma asaone zolemba za dokotala, ndipo kope imodzi isungidwe kosalumikizidwa ndi intaneti.

Chimbalanga82
Komatu tisaiwale kuti wolakwa ndi wakuba. Mbala ikathyola nyumba sitimanga mwini nyumba.

Mphunzitsi_Wopuma
Fanizo lanulo likanagwira katundu wobedwayo akanakhala wa mwini nyumba. Apa dokotala ndi wosungitsidwa. Mnzanu akakusungitsani mbuzi zake, inu n'kugona khola lili pululu, fisi ali ndi mlandu wake, koma kwa amfumu mukayankha ndinu. Wodwala sasankha kompyuta, sasankha pasiwedi, sasankha wantchito. Iye amangovula zovala ndi kuulula zakumtima chifukwa wauzidwa kuti apa ndi pobisika.

Dokotala_Wachinyamata
Ndikuvomereza kuti udindo ndi wathu, koma ndiloleni ndinene mmene zinthu zilili pansi. Kusukulu tinaphunzira za kusunga chinsinsi cha wodwala monga nkhani ya pakamwa, kuti usakambe za wodwala kumowa kapena m'minibasi. Palibe amene anatiphunzitsa za kuteteza kompyuta. Lero lino ndikakhala pa chipatala cha kumudzi usiku, wodwala ali ndi chilonda chimene sindikuchimvetsa, njira yokhayo yofunsira kwa dokotala wamkulu ndi kujambula n'kutumiza pa WhatsApp. Zimenezi zapulumutsa miyoyo, ndaziona. Koma chithunzicho chimatsala m'foni mwanga pakati pa zithunzi za ukwati ndi za ana, ndipo foniyo madzulo imabwerekedwa. Tsopano ndinadziikira lamulo: ndimapempha kaye chilolezo kwa wodwala, sindijambula nkhope kapena dzina, sinditumiza pa gulu koma kwa munthu mmodzi, ndipo ndikalandira yankho ndimafufuta. Anzanga ena amaona ngati ndikuchulutsa gaga m'diwa, koma ndinayamba kutero nditaona chithunzi cha wodwala wa pangozi chikuzungulira m'magulu abale ake asanauzidwe.

Mjoni_wa_ku_Mangochi
Ine ndaganiza kuti kuyambira lero ndizipereka dzina labodza kuchipatala, ndipo zina sindiziulula. Chimene sanalembe sangachibe.

Namwino_wa_ku_Leeds
Achimwene, chonde musatero. Tsiku limene mudzabwere muli chikomokere, fayilo yanu ndi imene idzatiuze gulu la magazi anu, mankhwala amene thupi lanu limadana nawo ndi amene mukumwa kale. Pali mankhwala amene sayenera kuphatikizidwa, mwachitsanzo ena a TB amafooketsa mphamvu ya ma ARV ena ngati mlingo sunasinthidwe, ndipo dokotala amene simunamuuze zoona angakuvulazeni akufuna kukuchizani. Zimene mwanenazi ndi zimene zimandiopsa kwambiri pa nkhani yonseyi, kuti anthu ayamba kubisira achipatala kapena kusiyiratu kubwera. Chimene mungachite ndi kufunsa musanapereke: kodi kope ya chiphaso changa mukuifuniranji, kodi adiresi ya abwana anga ikukhudzana bwanji ndi chifuwa changa? Mungathenso kuwauza kuti zotsatira asamatumize pa foni imene mumagwiritsa ntchito anthu awiri.

Wa_ku_Chipata
Zimenezi sizili m'zipatala mokha. Mu Febuluwale 2024 a Chakwera, amene anali Pulezidenti wa Malawi panthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta opangira mapasipoti analandidwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo anthu anakhala milungu osalandira mapasipoti. Ngati boma linagwidwa chonchi, kachipatala ka munthu mmodzi kangalimbe bwanji?

Katswiri_wa_Makompyuta
Akuluakulu nawonso amagwa, ndi zoona. Mu Juni 2024 bungwe la NHLS, limene limayeza magazi a zipatala za boma ku South Africa, linaukiridwa ndipo zotsatira zinachedwa kwa milungu. Mwezi womwewo ku London kampani yoyeza magazi ya Synnovis inaukiridwanso, moti zipatala za King's College ndi Guy's and St Thomas' zinaimitsa maopaleshoni ambiri. Koma kugwa kwa akuluakulu sikupereka chowiringula kwa ang'onoang'ono, chifukwa khomo lolowera limakhala lomwelija. Ku Australia mu 2022, kampani ya inshulansi ya zaumoyo ya Medibank inaberedwa zinsinsi za anthu 9.7 miliyoni, ndipo akubawo analowa ndi pasiwedi yobedwa ya munthu wogwira ntchito za makompyuta, pamalo pamene panalibe sitepe yachiwiri ija.

Nasuluma_Joni
Funso limene ndikuchita nalo manyazi ndi ili: wina akandilembera kuti ndimupatse ndalama kuti asaulule, ndipereke? Ndili ndi kangachepe kamene ndimasungira fizi ya ana.

Chimbalanga82
Ine ndikanapereka. Ulemu wa munthu ndi woposa ndalama.

Kalaliki_wa_Malamulo
Mayi, musapereke. Wakuba alibe risiti, ndipo palibe njira yotsimikizira kuti wafufuta. Mukalipira kamodzi mwamuuza kuti nambala iyi ili ndi munthu wamantha amene amalipira, ndipo adzabweranso, kapena adzagulitsa dzina lanu kwa mnzake. A Medibank anakana kulipira pa chifukwa chomwechi, ngakhale kuti zotsatira zake zinali zowawa, pakuti akubawo anatulutsa mafayilo, kuphatikizapo mndandanda wa amayi amene anachotsa pakati. Sindikunena kuti kukana n'kopepuka. Uthenga wotere ukabwera musayankhe, musaufufute, ujambuleni, ndipo mukanene kupolisi ndi ku chipatalako. Chenjeraninso ndi anthu oimba foni ngati ochokera kwa dokotala kapena ku sikimu ya chipatala, amene angatchule tsiku lenileni limene munabwera kuti muwakhulupirire, kenako n'kupempha nambala yachinsinsi ya ku banki. Dulani foni n'kuimba nokha pa nambala imene mumaidziwa kale. Popeza mwina nambala ya chiphaso yatengedwa, mungalembetse kwaulere ku bungwe lolimbana ndi chinyengo la SAFPS kuti mabanki ndi masitolo azifunsa mosamala munthu akafuna kutenga ngongole m'dzina lanu.

Nyakwawa_Dedza
Nanga ife a kumudzi kuno tili ndi pothawira? Pepala la zitumbuwa lija ndikanakalipereka kuti?

Kalaliki_wa_Malamulo
Pothawira palipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza ufulu wa munthu wosunga zinsinsi zake. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wachipatala kuulula za momwe magazi a munthu alili popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, limene linapereka udindo woyang'anira nkhanizi ku MACRA ndipo limaika za umoyo m'gulu la zinthu zofuna chisamaliro chapadera. Madandaulo okhudza khalidwe la dokotala amapita ku Medical Council of Malawi, ndipo zipatala zambiri za boma zili ndi ofesi ya ombudsman wa pachipatala. Pepala lija mukanalipereka kumeneko kapena kwa mkulu wa zaumoyo wa boma lanu, chifukwa mulu umene unali pansi pa lichero unachokera m'chipinda china chimene wina ali ndi kiyi wake.

Gogo_Nambewe
Mwana wanga Nasuluma, za malamulo akuuza anzako. Ine ndingokufunsa chimodzi: kodi pali munthu mmodzi amene ungamuuze wekha chinthu chimene ukuopacho, ndi pakamwa pako, pa nthawi yako? Sindikukukakamiza, ndipo mwina fayilo yako sidzatuluka n'komwe. Koma ndinaona amayi ambiri akuonda ndi mantha a chinthu chimene, atachinena kwa mchemwali wawo, anapeza wowagwira dzanja. Ndipo mankhwala alionse amene ukumwa usasiye chifukwa cha kalata imeneyi.

Nasuluma_Joni
Zikomo agogo, ndamva, ndipo mankhwala sindisiya. Ndili ndi achemwali anga ku Pretoria amene ndikaonane nawo Loweruka. Kalata ija ndalemba usiku wathawu motsatira mafunso a a Kalaliki, ndipo m'mawa uno ndinakaipereka pamanja, n'kupempha kuti adinde pa kope yanga. Dokotala anatuluka yekha kudzandiona, nkhope ili yakugwa, ndipo anandiuza kuti ayankha polemba sabata ino isanathe. Ndili chiimire pamalo olandirira alendo ndinaona kapepala kachikasu komatidwa m'mphepete mwa kompyuta, kolembedwa ndi bolopeni, ndipo ndinamupempha kuti akachotse ine ndikuona. Anakachotsa. A Kalaliki, ndinafunsanso ngati angafufute fayilo yanga yonse ndikasamukira kwa dokotala wina, koma anati malamulo a ntchito yawo amawalamula kusunga zolemba kwa zaka zosachepera zisanu ndi chimodzi. Kodi zimenezi ndi zoona?

Kalaliki_wa_Malamulo
Ndi zoona mayi, malangizo a HPCSA amatero, kuwerengera kuyambira pamene fayiloyo yasiya kugwiritsidwa ntchito. Kufufuta sangafufute lero, koma mungapemphe kope ya fayilo yanu, mungapemphe kuti akonze zolakwika zimene zilimo, ndipo mungafunse kuti pa zaka zimenezo idzasungidwa kuti ndiponso adzaitsegula ndani. Yankho lawo likabwera, mubise dzina lanu ndi la chipatala musanationetse, kenako tidzaliwerengere limodzi.